Kuziziritsa ndi kutenthetsa maofesi motsatira anthu amene alimo

Sabata ili ndi maola 168. Ofesi yotsegula 8 koloko m'mawa n'kutseka 5 koloko madzulo, Lolemba mpaka Lachisanu, imakhala ndi anthu maola 45 okha, ndipo ngakhale m'maola amenewo si zipinda zonse zimene zimadzaza. Chipinda cha misonkhano chimatha nthawi yaitali chili chokhachokha. Abwana amachoka, ena amapita kutchuthi, ndipo chiyambire mliri wa COVID-19 mu 2020 anthu ambiri amagwirira ntchito kunyumba masiku ena. Makina oziziritsa ndi otenthetsa mpweya sadziwa zonsezi. Akayatsidwa m'mawa amangolira mpaka wina akumbukire kuwazimitsa, ngati angakumbukire n'komwe.

Njira yake ndi yakuti makinawo azitsatira anthu: pamene pali anthu agwire ntchito mokwanira, pamene palibe apepuze mphamvu. Zimamveka zophweka, ndipo ogulitsa masensa, tizipangizo tozindikira ngati m'chipinda muli munthu, amafuna kuti zimveke choncho. Koma eyakoni si babu. Babu ukalizimitsa mdima umagwa pomwepo, ukaliyatsa kumawala pomwepo. Chipinda chimene chatentha sichizizira pomwepo, chifukwa makoma, denga, matebulo ndi mafayilo zimasunga kutentha n'kumakutulutsa pang'onopang'ono. Amene amaiwala zimenezi amaika masensa lero, mawa antchito ayamba kung'ung'udza, mkuja wina wamata pepala pa sensa kapena wabisa hita yakeyake pansi pa tebulo. N'chifukwa chake mu ndondomeko iyi kugula masensa kukubwera mochedwa dala.

Choyamba: dziwani magetsi amene mukutha panopa

Sonkhanitsani mabilu a magetsi a miyezi 12 yapitayi, ndipo ngati nyumbayo imatenthetsedwa ndi gasi kapena mafuta, mabilu akenso. Musayang'ane ndalama, poti mitengo imasintha. Lembani ma kWh, mayunitsi a magetsi amene mwagwiritsa ntchito, a mwezi uliwonse. Pakufunika chaka chathunthu kuti nyengo yotentha ndi yozizira zonse zilowemo.

Bilu ya pamwezi imabisa zambiri. Ngati mita yanu imasunga ziwerengero za mphindi 15 kapena 30 zilizonse, zipempheni kwa kampani yogulitsa magetsi kapena kwa mwini nyumba. Zikavuta, katswiri wa magetsi akhoza kumangirira kachipangizo kowerengera pa mawaya opita ku makina oziziritsa, kakhale pamenepo masabata awiri kapena atatu. Funso lofunika ndi ili: 2 koloko usiku, ndiponso Lamlungu masana, nyumbayo ikudya magetsi ochuluka bwanji poyerekeza ndi Lachitatu masana? Zina siziyenera kuzima, monga maseva (makompyuta otumikira ofesi yonse), mafiriji ndi nyali zachitetezo. Koma ngati nyumba yopanda munthu ikudya theka la magetsi a masana, dziwani kuti pali mafani kapena maeyakoni amene akuchezera okha.

Kenako kayendereni nyumbayo usiku, onse ataweruka. Mvetserani kulira kwa mafani, ikani dzanja pa mabowo otulutsa mpweya kudenga, yang'anani nyali za pa thermostat iliyonse, kachipangizo koikira madigiri a chipinda. Lembani chipinda chilichonse chimene mwachipeza chikuzizira kapena kutentha popanda chifukwa.

Chachiwiri: werengani anthu, musangoganizira

Aliyense amene mungamufunse adzakuuzani kuti chipinda chake chimagwira ntchito tsiku lonse. Musatsutsane naye, ingowerengani. Kwa masabata awiri mpaka anayi, munthu mmodzi azizungulira nyumbayo ola lililonse n'kumalemba chiwerengero cha anthu m'chipinda chilichonse. Pepala ndi cholembera n'zokwanira. Ngati anthu amalowa ndi makadi pakhomo, ziwerengero za pamenepo zikuuzani kuti tsiku lililonse mumalowa anthu angati, ngakhale sizinena kuti akakhala chipinda chiti.

Kalendala yosungitsira zipinda za misonkhano musaikhulupirire yokha. Anthu amasungitsa chipinda Lachiwiri lililonse chaka chonse, msonkhanowo n'kutha wokha pakapita miyezi iwiri, koma kalendala imasonyezabe kuti chipindacho n'chodzaza. Mukalumikiza makina ku kalendala yotereyi, mudzaziziritsa misonkhano ya mizukwa.

Pomaliza pake gawani zipinda m'magulu atatu: zimene zimakhala ndi anthu pafupifupi nthawi yonse, monga holo yaikulu ya matebulo ambiri; zimene anthu amalowa ndi kutuluka mosadziwika nthawi, monga zipinda za misonkhano, zophunzitsira ndi maofesi a munthu mmodzi; ndi zimene munthu amalowa mwa kamodzikamodzi. Phindu lalikulu la masensa lili pa gulu lachiwirilo. M'holo yaikulu nthawi zonse mumakhala wina amene akuyendayenda, ndiye sensa yongofunsa kuti "muli munthu?" iziyankha kuti inde kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osapulumutsa kanthu.

Chachitatu: makina anu angathe kusiyanitsa chipinda ndi chinzake?

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimagwera. Sensa imangouza makina kuti muno mulibe munthu. Ngati makinawo alibe njira yochepetsera mpweya wa chipinda chokhacho, uthengawo wapita pachabe.

Nyumba ya maeyakoni apakhoma, chipinda chilichonse yakeyake, ndiyo yosavuta. Ina ili kale ndi sensa yake kapena polumikizira mawaya a sensa, ndipo ina imalamulidwa ndi kabokosi kotumiza chizindikiro chofanana ndi cha rimoti. Makina a VRF, amene kompuresa (injini ya eyakoni) imodzi yakunja imatumikira zipinda zambiri, nawonso amalola kulamulira chipinda chilichonse pachokha.

Nyumba zikuluzikulu zambiri zili ndi makina aakulu amene amakankha mpweya m'mapaipi, n'kumaugawa kudzera m'mabokosi a VAV obisika kudenga. Bokosi lililonse lili ndi kachitseko kamene kamatseguka kapena kutsekeka, ndipo limatumikira dera lake. Funsani amisiri anu mapu osonyeza kuti bokosi lililonse limapita zipinda ziti. Ngati bokosi limodzi likutumikira maofesi asanu, simungachepetse mpweya mpaka onse asanu atakhala opanda munthu, ndipo masensa ayenera kuikidwa m'zipinda zonse zisanu. Ngati makinawo ndi akale, okankha mpweya wofanana nthawi zonse popanda mabokosi otere, masensa a m'zipinda sangathandize kwenikweni. Pamenepo limbanani ndi nthawi yoyatsa ndi yozimitsa, komanso kuchuluka kwa mpweya wakunja umene ukulowa.

Funsaninso ngati nyumbayo ili ndi BMS, kompyuta yolamulira makina onse, ndiponso ngati imalankhula BACnet, Modbus kapena KNX, zinenero zimene zipangizo zimamvanirana. Sensa imene singamvane ndi BMS yanu ndi chokongoletsera denga basi.

Chachinayi: konzani wotchi musanagule kanthu

Gawo ili silifuna chipangizo chatsopano, ndipo m'nyumba zambiri ndilo limabweza zochuluka. Tsegulani ndandanda ya nthawi mu BMS kapena pa thermostat. Kawirikawiri mupeza kuti wina anaika makina kuti aziyaka maola 24 chifukwa cha ntchito ina yapadera zaka zapitazo, osabwezeretsanso. Mupezanso kuti masiku atchuthi sanalowetsedwemo, kapena wotchi ya makina yasiyana ndi nthawi yeniyeni magetsi atazima.

Ikani nthawi mogwirizana ndi zimene munawerenga m'gawo lachiwiri. Amene amatsalira madzulo apatseni batani lowonjezera ola limodzi kapena awiri, lozima lokha nthawiyo ikakwana. Osesa asayatsitse nyumba yonse. Ngati n'kotheka azimaliza nsanjika imodzi asanapite ina. Ngati BMS yanu ili ndi njira yowerengera yokha nthawi yoyambira m'mawa poona kutentha kwa panja ndi kwa m'kati, imene amisiri amaitcha optimum start, itsegulitseni. Tsiku lofunda bwino makina aziyamba mochedwa, tsiku lovuta azilawirira.

Chinanso: siyani mpata wa madigiri awiri kapena atatu pakati pa poyambira kutenthetsa ndi poyambira kuziziritsa. Mwachitsanzo, hita iziyamba chipinda chikatsika pansi pa madigiri 21, eyakoni iziyamba chikakwera kupitirira 24. Manambala awiriwa akayandikana kwambiri, makina awiriwo amalimbana okhaokha, ina ikutenthetsa ina ikuziziritsa, inu n'kumalipira zonse ziwiri.

Dikirani mwezi umodzi, muyang'anenso mita. Mukatero mudzadziwa chimene wotchi yachita payokha, ndipo wogulitsa masensa sadzadzitama ndi phindu limene si lake.

Chachisanu: sankhani sensa yoyenera chipinda chake

Sensa ya PIR ndiyo yofala komanso yotsika mtengo. Imaona kutentha kwa thupi kukamasuntha kuchoka mbali ina ya diso lake kupita ina. Imaona bwino munthu woyenda mopingasa kutsogolo kwake, koma munthu wokhala phee akuwerenga kapena kulemba pa kompyuta imatha kumuphonya, makamaka akakhala patali. Siiona kuseri kwa kabati kapena khoma logawa matebulo, ndipo galasi limaitchinga ngakhale ifeyo timaona kudutsa pagalasipo. Ndi yabwino m'maofesi aang'ono amene munthu amakhala moyang'anizana nayo.

Sensa ya ultrasonic imatulutsa phokoso lapamwamba loti khutu la munthu silimva, n'kumamvetsera mmene likubwerera. Imagwira ngakhale kusuntha kwakung'ono ndipo imafika kuseri kwa zotchinga. Vuto lake ndi lakuti mpweya wothamanga kuchokera kudenga, kapena katani yogwedezeka, imauyesa munthu. Taganizirani: mpweya wa eyakoni ukupusitsa sensa kuti muli munthu, sensa n'kuuza eyakoni kuti ipitirize. Chipinda chotere sichidzapuma. Pa chifukwa chimenechi pali masensa ophatikiza njira ziwirizi, amene amafuna kuti zonse zivomereze munthu akamalowa, koma imodzi yokha n'kukwanira kusonyeza kuti akadalimo. Pa zipinda za misonkhano ine ndingasankhe amenewa. Palinso masensa a radar amene amagwira kusuntha kochepetsetsa, koma ena amaboola makoma opyapyala n'kumawerengera anthu a chipinda choyandikana, ndiye mphamvu yake imafuna kuchepetsedwa mosamala.

Ambiri mwa masensa amenewa amangoyankha kuti muli munthu kapena mulibe. Sanena kuti alimo angati. Funso limenelo limayankhidwa ndi sensa ya CO2, mpweya umene timatulutsa popuma. Panja mpweyawu uli pafupifupi 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni, ndipo m'chipinda umakwera anthu akachuluka. Sensa imeneyi ndi yoyenera kulamulira kuchuluka kwa mpweya wakunja, ndipo ambiri amayamba kuwonjezera mpweyawo nambala ikamayandikira pakati pa 800 ndi 1,000 ppm. Koma musaigwiritse ntchito poyatsa eyakoni, chifukwa imachedwa. Anthu khumi akalowa m'chipinda, CO2 imatenga mphindi zingapo kuti ikwere mooneka, pamene thukuta silidikira.

Makamera owerenga anthu komanso kuwerenga mafoni olumikizidwa pa Wi-Fi zimapereka chiwerengero chabwinoko m'maholo aakulu, koma zimakhudza chinsinsi cha antchito. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu, monga GDPR ya European Union. Eyakoni siifuna kudziwa dzina la munthu. Sankhani zipangizo zimene zimatumiza nambala yokha, zosasunga chithunzi.

Chachisanu ndi chimodzi: poika pake

Sensa yabwino yoikidwa poipa imanama. Ya PIR iziyang'ana pamene anthu amakhala, osati pakhomo, chifukwa chitseko chikakhala chotsegula aliyense wodutsa m'khonde aziyatsa chipinda. Isayang'ane pawindo pamene dzuwa limawomba, kapena pa makina osindikizira amene amatentha. Ya ultrasonic italikirane ndi bowo lotulutsa mpweya, pafupifupi mamita awiri ngati malo alipo. Ya CO2 ikhale pakhoma, pa msinkhu umene anthu amapumira, kutali ndi windo ndi chitseko, komanso osati pamene munthu mmodzi aziipumira mwachindunji.

Musakhulupirire bwalo lojambulidwa pa katoni. Opanga amasonyeza mabwalo awiri, lalikulu la munthu woyenda ndi laling'ono la kusuntha kwa manja. Mu ofesi gwiritsani ntchito laling'onolo. Mukamaliza kuika, khalani pa mpando wakutali kwambiri, lembani pa kompyuta kwa mphindi 20 osadzuka, wina aziyang'ana ngati sensa ikukuonanibe.

M'zipinda za mawindo otseguka onjezani kasiwichi ka pawindo, koti windo likatseguka eyakoni kapena hita ya chipindacho iime.

Chachisanu ndi chiwiri: masitepe atatu, osati kuyatsa ndi kuzimitsa

Mtima wa ntchito yonse uli pano. Chipinda chizikhala ndi mikhalidwe itatu.

Muli anthu: kuziziritsa pa madigiri pafupifupi 24, kutenthetsa pa 21, mpweya wakunja wokwanira. Chikudikira: ndi nthawi ya ntchito koma mulibe munthu, ndiye manambala aja asunthe pang'ono, digiri imodzi kapena awiri, kuziziritsa pa 25 kapena 26, kutenthetsa pa 19 kapena 20. Chatsekedwa: usiku, kumapeto kwa sabata ndi patchuthi, pamene kuziziritsa kungadikire mpaka madigiri 28 kapena 30, kutenthetsa n'kutsika mpaka 15 kapena kucheperapo. Manambalawa ndi poyambira chabe. Muwasinthe malinga ndi nyengo ya kwanu ndi mmene nyumbayo imachedwera kubwerera mwakale.

Bwanji osangozimitsa munthu akatuluka? Chifukwa munthuyo akubwera. Wapita kukamwa madzi, kapena kumsonkhano wa ola limodzi. Chipinda chimene chasuntha ndi digiri imodzi chimabwerera mu mphindi zochepa, ndipo mwini wake sazindikira n'komwe. Chimene chasuntha ndi madigiri asanu amachizindikira pakhomo pomwe, ndipo chimene amachita ndi kutsitsa thermostat mpaka 16, poganiza kuti chizizira msanga. Sichizizira msanga, chimangopitirira kuzizira, ndipo phindu lonse lathera pomwepo.

Nthawi yodikira sensa isanagamule kuti mulibe munthu yambani ndi mphindi 15 kapena 20. Ikafupika kwambiri makina azingoyaka ndi kuzima, ndipo kompuresa imadana ndi zimenezo. Imafuna mphindi zitatu mpaka zisanu zopuma isanayakenso. Nthawi yodikirayo ikatalika kwambiri, mpata wa pakati pa misonkhano uzitha chipinda chisanalowe n'komwe pa kudikira. Mukaona kuti palibe odandaula, itsitseni pang'onopang'ono. Munthu akalowa, chipinda chibwerere nthawi yomweyo, ngakhale ena amaika mphindi imodzi kapena ziwiri kuti wongolowa kudzatenga fayilo asadzutse makina.

Tsopano za mpweya wakunja, umene nthawi zambiri umadya mphamvu kuposa mmene anthu amaganizira, poti uyenera kuziziritsidwa, kuumitsidwa kapena kutenthetsedwa usanalowe. Muyezo wa ASHRAE 62.1, wa bungwe la mainjiniya a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba, umati ofesi ilandire malita 2.5 pa sekondi pa munthu aliyense, kuwonjezerapo malita 0.3 pa sekondi pa sikweya mita iliyonse ya pansi. Tengani chipinda cha misonkhano cha masikweya mita 30 chokonzedwera anthu 12. Chikadzaza chimafuna malita 30 a anthu ndi 9 a chipindacho, onse pamodzi 39 pa sekondi. Mukakhala anthu awiri chimafuna 14 okha. Makina osadziwa chiwerengero cha anthu amathira 39 tsiku lonse. Muyezo womwewo umalola kuti m'zipinda zina, kuphatikizapo maofesi ndi zipinda za misonkhano, mpweyawo uimitsidwe chipinda chikakhala pa kudikira. Koma malamulo a zomangamanga amasiyana m'mayiko, choncho injiniya wanu atsimikizire zimene zimaloledwa kwanuko musanatseke kachitseko kalikonse.

M'nyumba za VAV muli kuwononga kwina kobisika. Mpweya umachoka ku makina aakulu utaziziritsidwa mpaka madigiri pafupifupi 13. Bokosi lililonse lili ndi malire amene silitsekeka kupitirira pamenepo. Malirewo akakhala apamwamba, chipinda chopanda anthu chimazizira mopitirira, ndiye kahita ka m'bokosimo kamayaka kuti katenthetsenso mpweya umene wangoziziritsidwa kumene. Kutsitsa malire amenewa pa nthawi ya kudikira kumapulumutsa ndalama zoziziritsira ndi zotenthetsera nthawi imodzi.

Ndipo mabokosi ambiri akatsekeka, fani yaikulu ikhoza kutsitsa liwiro ngati mota yake ili ndi chosinthira liwiro, chimene amisiri amati VSD kapena VFD. Mphamvu imene fani imadya imatsika mofulumira kuposa liwiro lake: pa masamu, fani yoyenda pa magawo 80 pa 100 imadya 0.8 × 0.8 × 0.8, kutanthauza pafupifupi theka. M'nyumba yeniyeni phindulo limacheperapo ngati BMS ikuumirira kusunga mphamvu ya mpweya m'mapaipi pa mlingo umodzi, ndiye uzani amisiri kuti mlingowo nawo uzitsika mabokosi akamatsekeka. Buku la malangizo la ASHRAE Guideline 36 lili ndi ndondomeko zolembedwa kale za zimenezi, ndipo ndi bwino kuzitchula mu mgwirizano wanu ndi kontilakita kusiyana ndi kumusiya apeke zake.

Chachisanu ndi chitatu: malo osakhudza

Chipinda cha maseva chimatentha chifukwa cha makompyuta, osati anthu. Chichotseni pa ndondomekoyi, chikhale ndi eyakoni yakeyake kuti chisakakamize makina a nyumba yonse kuchezera. N'chimodzimodzi mosungira mankhwala, zikalata zakale kapena zipangizo zosafuna kutentha. Mafani okoka mpweya m'zimbudzi ndi m'zipinda za mabatire ali ndi malamulo awoawo, ndipo zokhudza utsi ndi moto siziyenera kudalira sensa ya anthu.

Kumadera achinyezi samalani kwambiri. Eyakoni imaumitsanso mpweya, ndiye ikaima nthawi yaitali chinyezi chimakwera, makapeti ndi mapepala n'kuyamba fungo, nguwi n'kumera kuseri kwa makabati. Ikani sensa ya chinyezi yoti chikapitirira magawo 60 mpaka 65 pa 100 makina adzuke ngakhale mulibe munthu. Cholakwika chofala ndi kuzimitsa kompuresa n'kusiya fani ikukoka mpweya wonyowa wakunja. Kumadera ozizira kwambiri vuto ndi lina: madzi amaundana m'mapaipi n'kuwaphulitsa, choncho chitetezo cha chisanu chikhale pamwamba pa lamulo lina lililonse.

Lolemba m'mawa, nyumba itatsekedwa masiku awiri, lowetsani mpweya wakunja anthu asanafike, kuti fungo la mipando, utoto ndi mankhwala okolopera lituluke.

Chachisanu ndi chinayi: yesani pa nsanjika imodzi, ndipo auzeni anthu

Musayambe ndi nyumba yonse. Sankhani nsanjika imodzi kapena zipinda zingapo za misonkhano, ndipo ngati pali nsanjika ina yofanana nayo isiyeni mmene ilili kuti muziyerekezera. BMS izisunga mbiri ya mphindi 5 kapena 15 zilizonse: zimene sensa ikunena, kutentha kwa chipinda, mpweya wa m'bokosi, CO2. Pakatha sabata yang'anani mbiriyo. Sensa yonena kuti muli munthu 3 koloko usiku ikupusitsidwa ndi china chake, kapena waya wake walumikizidwa molakwika. Yosinthasintha mphindi zilizonse masana siikuona bwino pamene munthu amakhala. Yesaninso kuchotsa waya wa sensa dala: ikafa, chipinda chiyenera kubwerera pa ndandanda ya wotchi ndi kutumiza chenjezo, osati kusiya anthu m'chifundizi.

Antchito auzeni ntchito isanayambe. Anthu akangoona kadiso katsopano kudenga amaganiza kuti abwana akufuna kudziwa amene amachedwa kunkhomaliro. Afotokozereni chimene kachipangizoko kamaona ndi chimene sikaona, amene amaona ziwerengerozo, ndi kokadandaula chipinda chikatentha. Apatseninso mphamvu pang'ono yosinthira thermostat, digiri imodzi kapena awiri uku ndi uku, yobwerera yokha madzulo. Munthu amene ali ndi batani m'manja amapirira kutentha kumene amene alibe batani sangapirire.

Dandaulo lililonse liyankheni tsiku lomwelo, ndipo yankho lisakhale kubwezera chipindacho pa maola 24. Mmisiri wotopa ndi mafoni amachita zimenezo mwakachetechete, ndipo pakatha chaka mumapeza theka la zipinda zili pa "manual". Khazikitsani lamulo lakuti kusintha kulikonse kwa pamanja kulembedwe, ndipo kuzitha kokha pakapita maola angapo.

Chakhumi: werengani phindu moona mtima

Musayerekeze bilu ya mwezi uno ndi ya mwezi watha. Nyengo imasokoneza. Yerekezani ndi mwezi womwewo wa chaka chatha, mutaganizira kusiyana kwa kutentha kwa panja pogwiritsa ntchito ziwerengero za degree days, zosonyeza mmene kunja kunatenthera kapena kuzizirira m'masikuwo, zochokera ku ofesi ya zanyengo, ndiponso kusintha kwa chiwerengero cha antchito. Ndondomeko yodziwika ya kuwerengera kotereku ndi IPMVP, ndipo ngati kontilakita akulonjeza phindu, njira yoliyezera ilembedwe ntchito isanayambe.

Pa chipinda chimodzi masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze eyakoni yodya 1.5 kW, m'chipinda chopanda munthu maola 5 pa tsiku, masiku 22 pa mwezi. Amenewo ndi ma kWh 165. Koma awa ndi malire apamwamba, osati phindu lanu, chifukwa kompuresa siigwira ntchito mwamphamvu nthawi yonse, kudikira si kuzimitsa, ndipo kutentha kwina kumene kunadzikundika kuyenera kuchotsedwabe anthu akabwerera. Aliyense wokulonjezani peresenti yaikulu asanaone mita yanu ndi chiwerengero cha anthu anu, mufunseni kuti nambalayo anaipeza m'nyumba yotani. Nyumba imene inali yotayirira imapindula kwambiri, imene inali yosamalidwa kale imapindula pang'ono.

Kenako ikani masensa pa ndandanda ya zokonza. Fumbi ndi utoto zimaphimba diso la PIR. Opanda mawaya amatha mabatire. Masensa ambiri a CO2 amadzikonza okha poganiza kuti nambala yotsikitsitsa imene aona m'masiku angapo ndi ya mpweya wa panja, choncho m'chipinda chokhala ndi anthu usana ndi usiku amasokera, ndipo amafuna kuyezedwa ndi chida china kamodzi pa chaka kapena monga wopanga wanenera. Nthawi iliyonse imene khoma logawa lasunthidwa, kabati yaitali yabwera, kapena chipinda chosungiramo katundu chasanduka ofesi, bwererani ndi mapu aja a mabokosi, mukhalenso pa mpando wakutali kwa mphindi 20, muone ngati sensa ndi bokosi zikutumikirabe chipinda chimodzi.